Asilikali a Johnston ankawalipira ndani kwenikweni?

Mchemwali wina wanditumizira imelo, akuti anakangana ndi mnzake kuntchito. Mnzakeyo akuti Angelezi anataya ndalama zawo kubweretsa asilikali kuno kuti atiteteze kwa ogula akapolo, nde tizingothokoza. Akufunsa ngati zili zoona.

Achemwali, funso lanuli landifika pamtima, ndipo mundipirire chifukwa ndilemba zambiri. Harry Johnston atafika mu 1891 kudzakhazikitsa boma, a ku London sankafuna kutulutsa ndalama zolipirira dziko lino. Amene anavomera anali Cecil Rhodes, kampani yake ya British South Africa Company nkumapereka mapaundi 10,000 pachaka. Asilikali oyambawo sanachokere ku England ayi, anachita kubwereka ku India, anthu pafupifupi 70 basi, ambiri mwa iwo Asikhi, mkulu wawo ali Captain Cecil Maguire. Chaka chisanathe nkomwe, mu Disembala 1891, Maguire anaphedwa kunyanja ndi anthu a mfumu Makanjira, imene inkachita malonda a akapolo, ndipo apa mpamene kupempha kunayambira, Johnston kulembera ku London, kupempha ku India, kupita mpaka kwa Rhodes ku Cape Town kukafuna ndalama zoonjezera, mpaka mu 1893 kunabwera Asikhi ena komanso sitima zankhondo panyanja. Koma musaganize kuti Rhodes ankapereka mwachifundo. Iye ankafuna malo, migodi, ndiponso kuti dziko lonse lino likhale m'manja mwa kampani yake, zimene amishoni achiskoti a ku Blantyre anakana kwamtuwagalu. Johnston ndi Rhodes anadzayambana, boma la ku London nkuyamba kuthirapo lokha cha m'ma 1895, koma mawu ake anali amodzi: dzikolo lizidzilipirira lokha.

Nde lidzilipirira bwanji dziko loti anthu ake ndalama sankaigwiritsa ntchito? Msonkho wa nyumba. Masheleni atatu panyumba iliyonse kuyambira 1894.

Apa mpamene ine ndimalephera kuugwira mtima. Agogo anga aakazi, amene anandilera, ankakamba za amayi awo, kuti asikali anabwera pamudzi kudzafuna chiphaso cha msonkho, abambo apanyumba atathawira kuphiri chifukwa analibe kanthu. Anatenga mayiwo ali ndi mwana kumsana, kukawasunga kuboma mpaka mwamuna atapeza ndalama. Ndipo kuipeza kwake kunali kokagwira ntchito kumunda wa mzungu nthawi ya dzinja, nthawi yomweyo imene munda wako ukufuna khasu, nde chaka chimenecho pakhomopo panagwa njala. Agogo ankakamba zimenezi mosakweza mawu, akusenda chinangwa, koma ankati chimene chinawawa amayi awo mpaka imfa nchakuti msikali amene anawamanga ankayankhula chinenero chawo chomwe. Ine ndili mwana ndinkaona ngati ndi nkhanza za munthu mmodzi. Nditakula ndinazindikira kuti malipiro a msikaliyo, yunifolomu yake, mfuti yake, gawo lina linkachokera mmasheleni omwewo amene ankabwera kudzatolera. Mukuona? Unkalipira munthu woti adzakumange ukalephera kumulipira.

Sindikukana kuti malonda a akapolo anali oipa zedi, ndipo midzi yambiri inapuma Mlozi atagonjetsedwa ku Karonga mu Disembala 1895. Zimenezo nzoona ndipo mnzanuyo mumuvomereze. Koma nanga Inkosi Gomani amene anamupha mu 1896? Nkhani yake inali yokana kugonjera boma. Ndipo asilikali omwewa atasanduka King's African Rifles mu 1902, anyamata athu ankatumizidwa ku Somaliland kukamenya nkhondo zosatikhudza, nchifukwa chake John Chilembwe mu 1914 analemba kalata yodandaula za magazi a anthu akuda amene ankakhetsedwa pankhondo za eni. Ine ndimanena mosaopa kuti gulu lija linali loteteza boma ndi minda ya atsamunda choyamba, ife pambuyo. Pokambirana za asilikali angati ndi ndalama zingati panali London, India, Rhodes ndi Johnston. Mfumu yathu ngakhale imodzi panalibe, chonsecho anthu ake ndi amene ankasenza katundu, kulipira msonkho ndi kupereka ana.

Nde mnzanuyo mukamuyankhe chiyani?

Mukamuuze kuti inde, Rhodes komanso boma la Britain anaikapo ndalama, makamaka zaka zoyambirira, koma aliyense ankayembekezera kubweza kwake, ndipo mtolowo anausunthira msanga pamutu pa wolipira msonkho wa nyumba. Akatsutsabe mupite naye ku National Archives ku Zomba mukaone malipoti apachaka a boma lachitsamunda, muyang'ane ndalama za msonkho wa nyumba kenako za asilikali ndi apolisi, awerenge yekha.