Kodi makhonsolo ang'onoang'ono angagulire limodzi galimoto yozimitsa moto?

Achimwene ena amene amagwira ntchito ku Randfontein, koma kwawo n'kufupi ndi Luchenza, andilembera imelo. Akuti malume awo ndi khansala, ndipo amadandaula kuti khonsolo yaing'ono singathe payokha kugula galimoto yozimitsa moto, gireda kapena lole yotaya zinyalala. Funso lawo ndi ili: "Kuno ku Joni ndimaona matauni oyandikana akudalira ozimitsa moto amodzi. Kodi Luchenza, Thyolo ndi Mulanje sangasonkherane chimodzimodzi? Kapena angophatikizana n'kukhala khonsolo imodzi? Amalume ndikawauze chiyani?"

Achimwene, zosonkheranazo n'zotheka ndipo ndikugwirizana nanu. Zophatikizanazo ndiye musawauze n'komwe. Koma musanawaimbire, dziwani bwino chimene mukuchiona kumene mukukhalako, chifukwa si momwe chikuonekera pamsewu.

Dziko la South Africa lili ndi makhonsolo 257. Mwa amenewa, 8 ndi a mizinda ikuluikulu monga Johannesburg, 205 ndi a matauni, ndipo 44 ndi a district, amene amakhala pamwamba pa matauni angapo. Randfontein ili mu Rand West City, yomwe pamodzi ndi Mogale City ndi Merafong City ili pansi pa West Rand District. Galimoto zofiira zimene mumazionazo ndi za district imeneyi. Mameya sanachite kukhala pansi n'kukondana ayi. Lamulo la 1998 lotchedwa Municipal Structures Act ndi limene linaika ntchito zina, monga kuzimitsa moto m'dera lonse, m'manja mwa district.

Nanga ndalama zake zimachokera kuti? Apa ndi pamene pagona nkhani. Msonkho wa nyumba ndi mapuloti amatolera ndi makhonsolo a matauni, osati district. Kale ma district ankatolera msonkho wawo kwa makampani, koma boma linauthetsa mu 2006 n'kuyamba kuwapatsa ndalama kuchokera ku likulu. Kuyambira pamenepo district ili ndi ntchito yotumikira matauni onse, koma thumba lake limadikira za ku Pretoria. Onjezani kusasamala. West Rand District inali imodzi mwa makhonsolo amene anasungitsa ndalama ku VBS Mutual Bank, banki imene inagwa mu 2018, ndipo chaka chomwecho inavutika kulipira antchito ake. Wozimitsa moto amene sanalandire malipiro sasiyanitsa kuti motowo wabuka ku Krugersdorp mu Mogale City kapena ku Carletonville mu Merafong City. Matauni onse atatu amavutikira limodzi.

Za kuphatikizana, chitsanzo muli nacho pakhomo. Rand West City inabadwa mu 2016 ataphatikiza Randfontein ndi Westonaria. Dzina linasintha, zikwangwani zinasintha, koma migodi ya golide imene ikutha sinatsitsimuke, ndipo ngongole ya magetsi ku Eskom sinachoke. Kwathu kungakhalenso mkangano woti likulu likhale kuti, ndipo munthu wa ku Muloza angamayende ulendo wautali kukasainitsa kapepala kamodzi.

Tsopano tiwoloke tipite kumudzi. Anthu amaiwala kuti ntchito yogawana tili nayo kale. Madzi a m'mipope ku Luchenza, Mulanje, Thyolo, Zomba mpaka ku Mangochi amayendetsa ndi Southern Region Water Board, limodzi mwa mabungwe amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995. Palibe tauni mwa amenewa imene ikanatha kulemba mainjiniya akeake a madzi. Bungweli lili ndi mavuto ake, koma laima zaka zonsezi chifukwa madzi ali ndi mita, ndipo mwezi ukatha bilu imabwera. Galimoto yozimitsa moto ilibe mita. Imamwa dizilo, imafuna matayala, mabatire ndi antchito a usana ndi usiku, koma siibweretsa ngakhale tambala. Ndiye funso loyamba la amalume lisakhale loti tiipeza kuti, chifukwa galimoto yotere abwenzi akunja amatha kungopereka. Afunse kuti mwezi wachisanu, mwambo wolandira utaiwalika, adzathire mafuta ndani.

Kumbukiraninso mmene thumba la khonsolo ya kwathu lilili. Malawi ili ndi makhonsolo a maboma 28, a mizinda inayi, ndi ena ochepa a manisipaliti ndi matauni monga Kasungu, Luchenza ndi Mangochi. Ndalama zawozawo zimachokera ku ziphaso za m'misika, malaisensi a bizinesi, madepoti ndi misonkho ya malo, ndipo kwa ambiri n'zochepa. Zochuluka zimachokera ku boma kudzera ku National Local Government Finance Committee. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inati makhonsolo azilandira 5 peresenti ya ndalama zimene boma latolera, koma bungwe lawo la MALGA lakhala likudandaula kuti zimene zimafika n'zoperewera komanso zimachedwa. Khonsolo imene ili ndi ngongole ya malipiro a antchito ake a pamsika singatumize ndalama ku akaunti ya khonsolo ina mosavuta, ngakhale itasaina.

Palinso ndale. Thumba la chitukuko la CDF, limene linayamba mu 2006, limagawidwa potsata madera a aphungu, ndipo aliyense amafuna mlatho kapena buloko ya sukulu imene adzaloze ndi chala nthawi ya kampeni. Gireda yogona m'boma lina sikokera mavoti. Komanso tinakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, choncho chizolowezi choti makhansala a maboma awiri azikumana paokha, osadikira kuitanidwa ku msonkhano wa alawansi kunyanja, sichinazike mizu.

Ndikanakhala ine, galimoto yozimitsa moto ndikanaiika kumapeto. Moto sudikira. Ikamagona ku Luchenza, msika wa ku Limbuli ukayaka idzafika kudzathira madzi paphulusa, kenako a ku Mulanje adzafunsa kuti akusonkheranji. Yambani ndi zimene zili ndi kalendala. Gireda ikhoza kupala misewu ya boma limodzi mvula ikangotha, n'kupita kwina mwezi wotsatira. Dzala limodzi lovomerezeka la zinyalala likhoza kutumikira tauni ndi misika yoizungulira. Chosavuta kuposa zonse ndi munthu: injiniya mmodzi wodziwa za milatho, kapena wofufuza mabuku a ndalama, wolipidwa ndi makhonsolo atatu. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula milatho ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Thyolo mosayang'ana malire, ndipo mitsinje ngati Thuchila ndi Ruo imadutsa m'maboma angapo. Pa zochenjezana za madzi osefukira palibe khonsolo ingakane kugwirizana.

Inu muli m'gulu la maliro la a Malawi ku Joniko, ndikukhulupirira. Mukudziwa kuti magulu amene akhalitsa ndi amene amasonkha mwezi ndi mwezi maliro asanagwe, ali ndi kope, ndipo anagwirizana kale chochita ndi munthu amene walumpha miyezi itatu. Amene amayamba kuyendetsa chipewa thupi lili kale ku mochale amatha ndi mkangano. Mgwirizano wa makhonsolo ulembedwe mwa mtundu woyambawo. Utchule khonsolo imene idzasunge chipangizocho ndi kulemba dalaivala. Utchule mmene adzagawanire mtengo, ndipo ine ndimakonda kuti gawo lina likhale lofanana kwa onse, lina lizitengera masiku amene aliyense wagwiritsa ntchito, apo ayi wamng'ono adzamva kuberedwa. Ndalama zizikhala mu akaunti yapadera yosainira anthu a mbali zonse, zolipiriratu miyezi itatu itatu, ndipo gawo la zokonzetsera lisakhudzidwe. Wosalipira, gireda imudumphe ulendo umenewo, popanda kukambirananso.

China chimene amalume asaiwale: pepalalo lidutse pa msonkhano wa khonsolo yonse ya mbali iliyonse, ndipo ndalamazo zioneke mu bajeti. Chaka cha ndalama za boma kwathu chimayamba pa 1 Epulo, ndiye nkhaniyi ikambidwe miyezi ingapo tsikuli lisanafike. Apampando a khonsolo sakhalitsa pampando, ma DC amasamutsidwa, ndipo zogwirizana pa WhatsApp zimapita ndi eni mafoni. Mafumu a m'malire awaitane poyamba pomwe, makamaka ngati nkhani ndi ya dzala, chifukwa malowo adzapemphedwa kwa iwo, ndipo fungolo lidzamveka m'midzi yawo.