Mwana wanga akugwira Chingerezi cha pa YouTube, kodi tisiye Chichewa?

FUNSO

Zikomo aphunzitsi. Ndimakhala ku Kawale kuno ku Lilongwe. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 4, ndipo chaka chatha achipatala anatiuza kuti ali ndi autism, vuto lochititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi anthu. Ndikamuitana nthawi zambiri satembenuka, akafuna madzi amangondigwira dzanja n'kundikokera pa ndowa. Koma akagwira foni yanga amaimba nyimbo za Chingerezi za pa YouTube mpaka kumapeto, ndipo amawerenga mpaka 20. Bambo ake akuti tisiye Chichewa pakhomo, timuonjezere mavidiyo, poti Chingerezi n'chomwe akugwira komanso n'chomwe adzafune kusukulu. Agogo ake timakhala nawo ndipo Chingerezi sachidziwa. Tichite bwanji?

Mayi wa ku Kawale

YANKHO

Amayi, mwana woimba nyimbo yonse osaphonya ali ndi khutu labwino ndi mutu wogwira zinthu. Zimenezo zisangalatseni mtima. Koma tiyeni tione bwino chimene akuchita.

Ana ambiri a autism amasunga mawu m'mitolomitolo, chiganizo chonse monga anachimvera, ndi kamvekedwe kake komwe, n'kudzachibwereza nthawi ina. Akatswiri amati echolalia. Si chinthu choipa, ndipo kwa ana ambiri ndi njira yolowera m'kulankhula. M'kalasi mwanga munali kamnyamata kamene kankati "Let's go, everybody!" nthawi zonse kakafuna kupita kuchimbudzi. Tinatha milungu tisanazindikire kuti mawu a m'katuni aja kankapempha nawo. Wanu mwina sanafike pamenepo. Manambala amawatchula, koma madzi akuwapemphabe ndi dzanja. Ndiye kuti mawuwo ali nawo, koma sanayambe kuwatuma ntchito, ndipo foni payokha singamuphunzitse zimenezo chifukwa siyankha mwana akaiyang'ana.

Mu 2003 Patricia Kuhl ndi anzake a ku University of Washington, ku Seattle, anatenga makanda a miyezi 9 a m'mabanja olankhula Chingerezi n'kumawamvetsa Chimandarini cha ku China maulendo 12. Amene ankacheza ndi munthu maso ndi maso anaphunzira kusiyanitsa kamvekedwe ka chilankhulocho. Amene ankaonera pa kanema kapena kungomvera mawu ojambulidwa sanaphunzire. Makanda ajawo anali aang'ono kuposa wanu ndipo kafukufukuyo sanali wa autism, koma zomwezo ndimaziona ndi ana anga m'kalasi: vidiyo imathandiza pamene pali munthu wamkulu pambali.

Tsono za Chichewa. Chonde musachisiye. Bambo ake sakulakwa kuganizira za sukulu, pakuti lamulo la maphunziro la 2013 limati ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi. Koma kafukufuku wochitika pa ana a autism okulira m'mabanja a zilankhulo ziwiri sanapeze kuti chilankhulo chachiwiri chimawachedwetsa kulankhula. Chimene ndimaopa ine ndi nyumba yokhala chete. Mukaletsa Chichewa, agogo atseka pakamwa, inunso mawu anu achepa chifukwa munthu sasisita mwana m'chilankhulo chobwereka. Ana anzake pabwalo pa Kawale amasewera m'Chichewa, ku Sande sukulu n'chimodzimodzi. Mwana amene akuvutika kale kucheza ndi anthu, tisamuchotserenso anthu ochepa omwe ali nawo.

Mavidiyo agwiritseni ntchito chonchi. Sankhani atatu kapena anayi aafupi, olankhula pang'onopang'ono, oonetsa zinthu zomwe zilimo m'nyumba mwanu: kapu, nsapato, mpira, nthochi. Adawunilodeni, kenako zimitsani data. Bando isungika, komanso YouTube siyimusankhira yokha vidiyo ina ikatha yoyamba. Khalani naye pamphasa. Pakaoneka kapu imitsani vidiyo, nyamulani kapu yake yeniyeni, nenani "cup" kamodzi, ndipo khalani chete mukuwerenga chamumtima mpaka 10. Kudikira kumeneko n'kovuta, ine ndemwe kumandivutabe, koma ana amenewa amafuna nthawi kuti mawu atuluke. Akangoyang'ana kapu kapena kuiloza, wayankha, muyamikireni. Madzulo agogo akamampatsa tiyi anene "kapu". Sasokonezeka, adzadziwa kuti chinthucho chili ndi mayina awiri.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linalangiza kuti ana a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku akuonera kanema. Ine ndinganene kuti mphindi 15 m'mawa ndi 15 madzulo muli naye limodzi zikwanira. Musamulande foni modzidzimutsa, ndi pomwe pamayambira kulira kogubuduka pansi. Muuzeni "yatsala imodzi" mukuonetsa chala, tsiku lililonse mawu omwewo.

Chimene ndimachikonda kwambiri n'chakuti mujambule mavidiyo anuanu. Njira imeneyi, yoonetsa mwana kanema wa munthu akuchita chinthu kuti atsanzire, ndi yodziwika bwino pophunzitsa ana a autism. Jambulani mwana wina wapakhomo akunena "Ndikufuna madzi", agogo n'kumupatsa, iye n'kumwa. Theka la mphindi, basi. Mawa jambulani zomwezo m'Chingerezi. Popeza mwana wanu amakhulupirira zimene zili pa foni, muikiremo agogo ake.

Pomaliza, mwati satembenuka akaitanidwa. N'chizindikiro chofala cha autism, komabe ngati makutu sanapimidwe, kapimitseni. Ku Area 47 kuli ABC Hearing Clinic. Ndipo poti sukulu yayandikira, yambani kufunsa tsopano ku ofesi ya maphunziro kuti ndi sukulu ziti za pafupi nanu zomwe zili ndi resource room (chipinda chapadera chothandizira ana otere) ndi mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera, monga aja ophunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Popita kumeneko mupite ndi bambo ake, ndipo mudzandilembere mawu oyamba amene mwanayo adzapemphe nawo kanthu.