Tifunseni: Kompyuta ya magemu yopirira kutentha kwa kuchigwa

FUNSO: Zikomo akulu. Ndimakonza mafoni pa Nchalo ndipo ndasungako kandalama. Ndikufuna kugula zipangizo n'kulumikiza ndekha kompyuta yoti ndizisewerapo EA Sports FC ndi GTA V, mwinanso anyamata azilipira kuti asewere. Mnzanga akuti ndingogula Core i7 basi, zinazo zilibe ntchito. Ndiyambire pati poti m'thumba simuli bwino kwenikweni?
Wowerenga wa ku Nchalo

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo asakusocheretseni. Core i7 ndi dzina la purosesa, ubongo wa kompyuta, ndipo ma Core i7 alipo a mibadwo yambiri. I7-3770 ya 2012 imagonja kutali kwa Core i3-12100 ya 2022. Wogulitsa akangoti "ndi i7 iyi", mufunseni nambala yonse.

Pa magemu, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi graphics card, khadi yopanga zithunzi za pa sikirini, choncho ndalama zambiri zipite kumeneko. Pa sikirini ya 1080p, khadi ya Radeon RX 6600 ya 8GB ikukwanirani, ndipo simadya magetsi ambiri, pafupifupi mawati 130. Mukapeza GTX 1660 Super yakale koma yabwino, nayonso magemu awiriwa imawakoka. Purosesa ndingakusankhireni AMD Ryzen 5 5600 pa motherboard (bolodi lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ya B550. Ya B450 imatsikirapo mtengo, koma ina imafuna kaye BIOS (kapulogalamu ka m'kati mwa motherboard) yatsopano kuti izindikire purosesayi, ndiye funsani musanalipire. Ngati ndalama sizikukwana zonse nthawi imodzi, tengani Ryzen 5 5600G. Iyi imaonetsa zithunzi payokha popanda khadi, mungayambe kusewera motsitsa masetingi, khadi n'kudzagula pambuyo. Ya 5600 yopanda G, popanda khadi sikirini imangokhala bii.

RAM, memore yomwe kompyuta imagwirirapo ntchito ikayaka, ikhale 16GB ya DDR4, timitengo tiwiri ta 8GB, osati kamodzi ka 16GB, chifukwa tiwiri timathamanga kuposa kamodzi, makamaka pa 5600G ija. Posungira magemu, SSD ya NVMe ya 1TB ndiyo yabwino. GTA V yokha imadya malo oyandikira 100GB.

Tsono tikambe za kwanuko, poti malangizo ambiri a pa YouTube amachokera kwa anthu okhala kozizira. Mu Okutobala ndi Novembala, ku Nchalo, Ngabu mpaka Bangula kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'kashopu ka malata masana ndi ng'anjo yeniyeni. Kompyuta ikatentha kwambiri imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse, gemu n'kuyamba kudukizadukiza ngakhale zipangizo zili zodula. Bokosi lagalasi kutsogolo, lija la timagetsi tamitundumitundu, lisiyeni m'sitolo momwemo. Sankhani lamaunauna kutsogolo, mafani awiri okoka mpweya ndi imodzi yotulutsa kumbuyo. Liikeni pa tebulo, osati pansi. Fumbi ndi phulusa la nzimbe zootchedwa nthawi yodula zimatseka sefa ya bokosilo msanga, ndiye muziichotsa n'kuikuntha kawirikawiri. Inu wokonza mafoni kabulashi muli nako kale.

Pomwe sindingakuloleni kuumira ndi pa power supply, kabokosi kopereka magetsi ku zipangizo zonse. Ambiri amathera ndalama pa khadi, kenako n'kutola power supply yopanda dzina, yopepuka m'manja, yolembedwa 500W yomwe siifika n'komwe. Ikaphulika nthawi zina imapita ndi motherboard. Gulani ya 550W kapena 650W yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze, ya kampani yodziwika ngati Corsair kapena Seasonic. Magetsi akamazimazima, UPS (batire yogwirizira kompyuta magetsi akazima) ndi yofunikanso, ndipo muone mawati ake, osati nambala ya VA yokha yomwe amailembapo. Ya 650VA nthawi zambiri imanyamula mawati osafika 400, ndipo ntchito yake n'kukupatsani mpata wozimitsa bwino, osati womaliza mpira.

Mudzaona makompyuta a mu ofesi akale, a Dell ndi HP, otsika mtengo. Aja opyapyala khadi yaikulu simalowamo, ndipo ambiri ali ndi power supply yofooka ya mapulagi akeake. Pa zomwe mukufunazi, apitirireni.

Mukakwera ku Blantyre kapena Limbe kukagula khadi yakale, musalole zongokuyatsirani. Aiike m'kompyuta, musewere gemu theka la ola mukuyang'ana kutentha kwake pa pulogalamu ya HWMonitor, n'kumvetsera ngati mafani sakulira modabwitsa. Mukaona timizere kapena timadontho pa sikirini, bwezani ndalama zanu m'thumba. Lisiti alembepo nambala ya khadiyo ndi masiku omwe mungabweze, poti kutsika Thabwa n'kukweranso ndi ndalama ina.