Kodi kompyuta ingabwezeretse nsalu yakale yomwe inatsala tizidutswa?

Funso: Ndinaona chithunzi cha nsalu yamakedzana yathunthu ndi yowala bwino, koma m'munsi mwake analemba kuti chomwe chinapezeka ndi tizidutswa tokha. Kodi akatswiri amachita bwanji zimenezi, ndipo chithunzi choterocho n'chodalirika?

Yankho: Nsalu yomwe yakhala m'nthaka zaka mazanamazana imafumbutuka ikangogwiridwa, choncho akatswiri amalumikiza zithunzi zake pa kompyuta, tizidutswato tili chigonere. Nsalu zomwe zinafukulidwa mu 1904 m'manda a ku Oseberg m'dziko la Norway, momwe anthu anaikidwa m'ngalawa m'chaka cha 834, zinali zitamatirirana ndi kuda kwambiri moti akavalo ndi ngolo zomwe zinalukidwamo n'zovuta kuziona ndi maso.

Poyamba amajambula kachidutswa kalikonse pafupi kwambiri, ataika rula pambali pake kuti kukula kwake kusasokonekere. Kenako amawerenga ulusi womwe uli mu sentimita imodzi, woimirira ndi wopingasa, n'kuonanso mbali imene unapotedwera, chifukwa wina umapendekera ngati chilembo cha S ndipo wina ngati cha Z. Apa ndi pomwe ntchito yagona, pakuti tizidutswa tiwiri tingathe kufanana mtundu, koma ngati kapotedwe ndi kuthinana kwa ulusi zikusiyana, kawirikawiri sitinachokere pa nsalu imodzi.

Mitundu yomwe inafwifwa imafufuzidwa ndi kuwala kosaoneka ndi maso. Utoto wofiira wa mizu ya chomera cha madder umanyezimira akauwalitsa ndi kuwala kotere kotchedwa ultraviolet, pomwe wabuluu wa indigo umadziwika ndi momwe umabwezera kuwala kwina kotchedwa infrared. Palinso njira ya RTI, yomwe kamera imakhala malo amodzi nyali ikusunthidwa, kuti mithunzi ionetse timabowo ta singano ndi misoko yomwe inatha. Nsalu yopindika yosatheka kuifunyulula amaiunika ndi makina a CT, omwe amajambula za mkati mwa chinthu ndi X-ray.

Za kudalirika, maganizo anga ndi akuti kukaika kwanu n'koyenera. Pamene nsalu inadyekeratu, katswiri amangobwereza maluwa omwe akuoneka pena, ndipo kumeneko n'kuyerekeza, ngakhale kuli ndi maziko. Chikalata cha London Charter cha mu 2009, chomwe chimapereka malangizo a kaonetsedwe ka zinthu zamakedzana pa kompyuta, chimalimbikitsa kuti woonera azidziwitsidwa mbali zomwe zili ndi umboni ndi zomwe n'zongoganizira. Ambiri amachita zimenezi poika mtundu wotuwa kapena mizere yodukaduka pa mbali zowonjezerazo, ndi kuonetsanso chithunzi cha tizidutswa tenitenito pambali pake.