Mawaya a mapulagi a Corolla yovuta kuliza kukagwa chiperoni

Achimwene, mwati Corolla yanu imavuta kuliza m'mawa kukagwa chiperoni, ndipo imadukiza pokwera zitunda za ku Thyolo, ndiye mukufunsa mawaya oti mugule. Zizindikiro zimenezo zikuloza kumawaya ndithu. Waya akakalamba mphira wake umang'aluka, chinyezi chikalowa moto umathawira ku chitsulo cha injini osafika ku pulagi. N'chifukwa chake injini ikatentha vutolo limakhala ngati latha. Pachitunda pulagi imafuna moto wamphamvu kuposa pamalo osalala, ndiye waya wofooka amagwidwira pomwepo.

Musanatulutse ndalama, yesani kaye. Usiku pamdima lizani injini, tsegulani boneti, muwaze timadzi pang'ono pamawayapo ndi kabotolo kopopera. Mukaona timoto ta buluu tikuthetheka kapena kumva kuti tche tche tche, waya ameneyo watha. Osagwira ndi dzanja, mumadutsa ma volts oposa 20,000. Ngati pali multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, zimitsani injini, yezani waya aliyense kuchokera kunsonga ina kufika kunsonga inzake. Pa ma Toyota akalewa waya asapitirire 25 kilo-ohms. Muzimupinda pang'ono poyezapo; nambala ikamadumphadumpha ndiye kuti waduka m'kati ngakhale kunja akuoneka bwino.

Pogula musatchule dzina la galimoto lokha, tchulani injini, kaya ndi 4A-FE kaya 5A-FE. Mitu ya mawaya imasiyana kutalika, ndipo mutu waufupi sufika pansi pa dzenje pomwe pali pulagi. Injini zina koilo, yomwe imapanga moto wa mapulagi, ili m'kati mwa distributor, chogawira motowo ku mapulagi, ndiye mawaya ndi 4, zina koilo ili padera ndiye pamafunika wachisanu. Chanzeru n'kunyamula waya wakale popita ku Limbe mukafanizire pakauntala pomwepo. Mawaya a NGK, Denso ndi Bosch ndi abwino, koma dzina la pabokosi lisakupusitseni, achinyengo ndi ambiri. Tulutsani mmodzi mumugwire. Weniweni mphira wake ndi wa silicone, wofewa, ukapinda umabwerera, zolemba sizifufutika ndi chala, ndipo kachitsulo ka m'mutu kamagwira pulagi mpaka kumveka kuti kha. Wachinyengo ndi wopepuka, wouma ngati paipi ya madzi yokhalitsa padzuwa.

Funsaninso za m'kati mwake. Tengani okhala ndi resistance, a carbon kapena okulungidwa kawaya kopyapyala. Aja a kopa yekhayekha amalowetsa phokoso mu wailesi ndipo amatha kusokoneza kompyuta ya injini. Ofiira, achikasu, onenepa a 8mm aja sawonjezera mphamvu pa injini wamba, n'kukongoletsa chabe. Mawaya ochotsedwa pa injini zakale ndi mwayi wa mwini; kuno kwachinyeziku sindingakulangizeni.

Poika, sinthani mmodzi mmodzi injini itazizira. Mukazula onse nthawi imodzi mungasokoneze dongosolo la moto, lomwe ndi 1-3-4-2, silinda yoyamba ili mbali ya timing belt. Gwirani mutu, potozani pang'ono, kenako kokani. Kukoka chingwe n'komwe kumadula waya m'kati. Suzumirani m'dzenjemo. Mukapeza oyilo, gasket ya top cover, mphira wotseka chivundikiro cha pamwamba pa injini, ikudontha, ndipo oyiloyo adzafufumitsa mitu yatsopanoyo m'miyezi yochepa, choncho yambani mwasintha gasket. Mawaya abwerere m'timapanda take, asakhudzane komanso asayandikire ekizozi.

Mapulagi nawonso muwaone. Akadyeka mpata umakula, moto umavutika kudumpha n'kuyamba kuboola waya watsopano uja. Chivundikiro cha distributor chikhale chopanda mng'alu ndi chinyezi m'kati, rotor, kachozungulira ka m'katimo, ikhale yosapsa kunsonga.

Ena mu gulu muno ali ndi Sienta kapena Probox ya petulo: zimenezo zilibe mawaya otere, pulagi iliyonse ili ndi koilo yake pamwamba, ndiye ikamadukiza muyang'ane makoilo.