Funsani Odziwa: Makadi M'chikwama Pokwera Phiri la Mulanje

Makalata a mwezi uno achokera kwa amene anagonapo kale kapena akukonzekera kugona masiku angapo paphiri la Mulanje m'nyengo yozizira. Akuyankha ndi anthu ozolowera njira ndi nyumba zogona za paphiripo.

Tilipo asanu, tikufuna kudutsa phiri kuchokera ku Likhubula mpaka ku Fort Lister mu Julaye. Mnzathu wina akuti makadi ndi katundu wongolemetsa. Kodi nthawi yosewera ipezeka? Nanga tigule otani? — Mayi wa ku Namiwawa, Blantyre

Mayi, nthawi ipezeka yambiri, mwinanso yotopetsa. Mu Juni ndi Julaye dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira, ikamakwana 6 kunja kuli bii. Kuchoka ku nyumba yogona ya Chambe kupita ku ya Chisepo, kapena ku ya Thuchila kupita ku ya Chinzama, ndi ulendo wa maola ochepa, moti mumafika dzuwa likadalipo, mwaphika, mwadya, koma tulo sitinabwere. Batire la foni mumalisungira zangozi. Ndiye pali chiperoni: nkhungu ndi mvula yamawawa zikakuta phiri, gayidi wanzeru salola aliyense kukwera Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002, chifukwa miyala imaterera ndipo njira sioneka. Tsiku lotero mumaswera m'nyumba kuyang'anizana.

Paketi imodzi, ya makadi 52 ndi majokala awiri, imalemera pafupifupi magalamu 100. Nthochi imodzi yaikulu imaposa pamenepo. Mnzanuyo asiye buluku lachitatu, makadi apite.

Apulasitiki satupa akanyowa, koma ndi okwera mtengo, ndipo amaterera: tebulo likapendekeka pang'ono mulu wonse umayenda wokha. Apepala wamba amakwanira bola muwasunge bwino. Kabokosi kawo kasiyeni kunyumba, kamamwa chinyezi. Aikeni m'majumbo awiri omanga bwino, pakati pa zovala zouma, osati m'thumba lakunja la chikwama pomwe mvula imayambira. Timakadi tating'ono tija togulitsidwa kuti n'ta apaulendo musatigule. Zala zikazizira simungathe kutisakaniza, ndipo manambala ake saoneka pa kuwala kwa kandulo.

Ulendo wapitawu tinakumana ndi anthu ena ku nyumba yogona ya Lichenya. Aliyense anali ndi malamulo akeake, mpaka masewera anathera m'mikangano. Ndi masewera ati oyenera gulu loti lero muli atatu, mawa asanu ndi awiri? — Wophunzira wa ku Zomba

Achimwene, vuto silinali masewera, linali kugawa makadi musanagwirizane. Masewera otaya makadi aja, ofananiza nambala kapena mtundu, aliyense anawaphunzira kwawo: wina akuti 2 amatoletsa makadi awiri, wina akuti jeke amabweza mzere, wina akuti ukatsala ndi khadi limodzi uzigogoda patebulo. Onse akunena zoona za kwawo. Mwini makadi anene malamulo mokweza asanagawe, musewere kamodzi makadi ali poyera kuti mlendo aone, kenako muyambe zenizeni. Lamulo latsopano lidikire mpaka mugawenso.

Mtundu wosavuta wa masewerawa ndi Crazy Eights. Mukakhala awiri, aliyense makadi 7, mukachuluka, 5. Mumaponya khadi lofanana ndi lapamwamba pa nambala kapena mtundu, mukasowa mumatola pamulu, ndipo 8 amalowa paliponse, womuponyayo n'kutchula mtundu wotsatira. Wina akamaliza, otsala amawerenga zomwe agwira: 8 ndi mapointi 50, kingi, kwini ndi jeke 10, A ndi 1, enawo nambala yawo. Amatha msanga, ndipo wotopa akhoza kuchoka osasokoneza anzake.

Koma amene timakonda kulangiza ndi otchedwa Oh Hell, chifukwa amalola anthu atatu mpaka asanu ndi awiri ndi paketi imodzi yomweyo. Chotsani majokala. Gawani makadi 7 aliyense, kenako tembenuzani khadi lotsatira: mtundu wake, kaya mtima, dayamondi, sipedi kapena kalabu, ndiwo wolamula. Woyamba akaponya khadi, ena onse ayenera kuponya la mtundu womwewo ngati ali nalo. Wopanda mtunduwo akhoza kuponya lililonse. Amene waponya lalikulu la mtundu woyambawo wadya makadi onse apatebulo, pokhapokha wina ataponya la mtundu wolamula, pamenepo wadya ndi amene waponya lalikulu la mtundu wolamulawo. A ndiye wamkulu, kutsatira kingi, kwini, jeke, 10, kutsika mpaka 2. Wadyayo ndiye amayamba kuponya kotsatira.

Chokoma chili apa. Musanaponye khadi loyamba, aliyense amayang'ana m'manja mwake n'kulonjeza kuti adya kangati, kuyambira wa kumanzere kwa wogawa. Wogawa amanena pomalizira, ndipo saloledwa kutchula nambala yopangitsa malonjezo onse kukwana ndendende ndi makadi ogawidwawo. Mwachitsanzo mwagawa 7, anzake anena 2, 1, 0 ndi 3, zomwe ndi 6. Iye sanganene 1. Choncho wina aphonya basi. Wokwaniritsa lonjezo ndendende amalandira mapointi 10 kuphatikiza nambala yomwe analonjeza; wopitirira kapena wopereweza sapeza kanthu. Ndiye mudzaona munthu amene analonjeza kuti sadya n'komwe akutuluka thukuta m'chisanu, atagwira kingi wosadziwa komutaya. Mukatha gawani 6, kenako 5, mpaka khadi limodzi. Magawo asanu ndi awiriwo satha ola lathunthu.

Zolakwika zake n'ziwiri. Anthu amaiwala zomwe analonjeza, kapena amanamizira kuiwala, choncho aliyense aike nyemba patsogolo pake zolingana ndi lonjezo lake. Chinanso, munthu amaponya mtundu wina pomwe woyenerawo anali nawo. Nthawi zambiri sikuba, ndi mdima chabe. Gwirizanani poyamba kuti wotero ataya mapointi a gawo limenelo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mukatsala awiri, Rummy ndiye mnzanu: makadi 10 aliyense, kusonkhanitsa atatu kapena anayi a nambala imodzi, kapena atatu kaya oposerapo otsatizana a mtundu umodzi. Hearts amakoma mukakhala anayi, makadi 13 aliyense, koma kufika pa mapointi 100 kumadya usiku. Paphiri lekezerani pa 50.

Tochi yanga ya pamutu ili ndi kuwala kofiira, komwe amati sikusokoneza ogona. Koma titayesa kusewera nako, makadi ena ankaoneka ngati opanda cholembedwa. Tochiyo ndi yowonongeka? — Bambo wa ku Luchenza

Tochi ili bwino, Bambo. Pepala loyera likawalitsidwa ndi kuwala kofiira limaoneka lofiira, ndiye inki yofiira ya mitima ndi madayamondi imasowa m'menemo, kutsala masipedi ndi makalabu okha. Kuwala kofiira n'kopitira kuchimbudzi usiku, osati kosewerera makadi.

Komanso anthu asanu atavala matochi pamutu amangothobwana m'maso, aliyense akadzutsa nkhope. Zimitsani onse kusiya imodzi. Imeneyo imangirireni pa botolo lapulasitiki loyera lodzaza madzi, kuwala kuloze m'kati mwa botolo, muike pakati pa tebulo. Madzi amamwaza kuwalako ngati nyali. Ikani pa mphamvu yotsika, ndipo mabatire apadera agone m'thumba la jekete, chifukwa kuzizira kumawafooketsa.

Kandulo imathandiza, koma kumbukirani kuti zambiri mwa nyumbazi n'zamatabwa, ndipo mkungudza wouma suchedwa kuyaka. Iimikeni m'chitini kapena m'mbale yachitsulo, osati kudonthezera phula patebulo n'kuimata pomwepo. Womaliza kugona aizimitse.

Kodi n'kulakwa kubetcherana tindalama tochepa kuti masewera akome? Anyamata otinyamulira katundu nawonso ankafuna kulowa. — Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe

Aloweni ndithu, ndipo muwaitane inu, musadikire kuti apemphe. Ambiri amakudyani mosavuta. Koma ndalama zisaoneke patebulo. Zomwe kwa inu n'zogulira mayunitsi, kwa wonyamula katundu ndi gawo la malipiro a tsiku lomwe wakwera nalo njira ya Skyline, yochokera ku Likhubula kupita ku Chambe, chikwama chanu chili kumsana. Akadyedwa, mawa anyamula katundu wa munthu amene wamulanda. Mukadyedwa inu, pobwerera pamakhala kunong'onezana zochotsera pa ndalama yothokoza. Zonse ziwiri zimaononga ulendo, ndipo paphiri palibe kothawirana: munthu yemweyo ndi amene mawa akugwireni dzanja pamwala woterera.

Palinso ena m'gulu amene kwawo ndi kutchalitchi kwawo makadi ndi njuga basi. Akaona ndalama amachoka, koma akaona nyemba ambiri amakhala pansi. Wokanabe musamukakamize, mupatseni pensulo azilemba mapointi ngati akufuna.

Gawani nyemba 20 kapena timitengo ta machesi aliyense. Mtedza ayi, umadyedwa masewera ali m'kati. Wogonja atsuke mapoto kapena afulize tiyi wam'mawa. Koma chilangocho chisakhale kunyamula katundu wa mnzake, kapena kukatunga madzi kumtsinje usiku yekha. Ndipo ngati wagonja ndi gayidi kapena wonyamula katundu, mukhululukireni, ntchito wagwira kale tsiku lonse.

Makadi athu ananyowa powoloka mtsinje, ndipo titafika tinapeza kuti limodzi lasowa. Paketi yotero n'kutaya? — Mtsikana wa ku Phalombe

Osataya, Chemwali. Alekanitseni akadali onyowa, chifukwa akaumira pamodzi amamatana ndipo posendana nkhope imachoka. Pukutani lililonse ndi nsalu youma, muwayale limodzilimodzi pa chitenje, kutali ndi moto. Mukawayandikiza kumoto mbali imodzi imauma msanga, khadi n'kupindika ngati chikopa. Akatsala pang'ono kuumitsitsa, aunjikeni, muike mbale yafulati pamwamba, musanjikepo poto wa madzi usiku wonse. Akamakakamira posakaniza, aponyeni m'jumbo ndi kasupuni kamodzi ka paudala wa ana kapena ufa woyera wosefa bwino, khutchumulani, kenako kunthani.

Vuto lotsalira ndi lakuti khadi lotupa kapena long'ambika pakona limadziwika ndi kumsana, ndipo pofika usiku wachitatu aliyense akudziwa kuti lopindikalo ndi A wa sipedi. Lichotseni, jokala alowe m'malo mwake. Losowalonso chimodzimodzi: lembani nambala ndi mtundu pa jokala ndi bolopeni, pamakona awiri. N'chifukwa chake majokala sasiyidwa kunyumba ngakhale simuwaseweretsa. Ngati nawonso anapita, Crazy Eights ndi Oh Hell amaseweredwabe, bola aliyense adziwe khadi lomwe palibe. Makadi 51 amagawikanso bwino kwa anthu atatu, 17 aliyense, ndipo ndi mmene Hearts wa anthu atatu amaseweredwera kale.

M'mawa uliwonse musananyamuke, werengani. Njira yachangu ndi kuika milu inayi ya mitundu, uliwonse 13. Losowa kawirikawiri limakhala pansi pa matiresi, m'mpata wa matabwa, kapena m'thumba logonamo la amene anasewera atafunda. Mukasewerera pakhonde masana, sanjikani mwala pa mulu uliwonse. Mphepo ya ku Chisepo ikanyamula khadi simulionanso.

Mawa lake tinkakwera Sapitwa, koma gulu lina linasewera mpaka pakati pa usiku likuseka. Tikanatani? — Bambo wa ku Mzuzu

Mukanawauza madzulo, moto ukuyaka, kuti inu mudzuka m'bandakucha, n'kupempha kuti ikakwana 8 koloko achepetse mawu. Ambiri amamva, chifukwa sadziwa kuti m'nyumba yamatabwa ngakhale kusakaniza makadi kumamveka kuchipinda china. Akakanika, nkhani ipite kwa gayidi wanu akambe ndi gayidi wawo, kapena kwa mlonda wa nyumbayo. Iwo amadziwana ndipo amathetsa popanda wochita manyazi.

Kwa osewera: masewera omenya tebulo ndi olimbirana kukuwa ndi a masana. Usiku yalani chitenje patebulo kuti makadi asamveke, ndipo musamalize nkhuni pofuna kuwala, chifukwa mlonda amazisenza pamutu ndipo gulu la mawa lifika litanyowa. Ngati nanunso mukukwera nsonga m'mawa, yambirani Oh Hell pa makadi 5 m'malo mwa 7, werengani paketi, mangani jumbo, nsapato ziume pafupi ndi khomo.