Mahedifoni, zam'khutu ndi mneni wakuti kumva: mayankho kwa awerengi a ku Tete

Mafunso amene afika kwa ine m'masabata apitawa kuchokera ku Angónia, ku Furancungo, ku Tsangano ndi ku Zóbuè akuzungulira pa kachipangizo kamodzi, kamene achinyamata ambiri amayenda nako m'thumba limodzi ndi foni, n'kumakalowetsa m'khutu akangokhala pansi pamsika kapena akakwera galimoto. Ndasankhapo anayi.

Funso loyamba lachokera kwa mphunzitsi wa pulayimale ku Ulongwe: "Ana m'kalasi mwanga ena amati mahedifoni, ena amati auricular monga amanenera ogulitsa mumzinda wa Tete, ndipo ena amangoti mafoni. Polemba m'chiyankhulo chathu, ndisankhe dzina liti?"

Aphunzitsi, mayina onse atatuwo ali ndi kwawo. Lakuti mahedifoni lidachokera ku Chingerezi ndipo lidatifika ndi katundu wodzera m'misika ya m'malire, monga wa pa Calomue ndi wa pa Lizulu, pamene auricular ndi fones ndi mawu a Chipwitikizi amene ana amawamva kusukulu ndi m'masitolo. Musaope mawu obwereka. Nsapato, kalata, mbatata ndi kapitawo ndi mawu amene makolo athu adatenga kwa Apwitikizi kalekale, ndipo lero palibe amene amawayesa alendo, chifukwa adavala zovala za Chichewa: sapato idalandira n kutsogolo, ndipo carta idamasulidwa kukhala maphatikizo atatu otha ndi a. Mawu akuti hedifoni ayenda kale njira imeneyi, koma auricular sanayende, ndipo n'chifukwa chake polemba ndimasankha mahedifoni. Lakuti mafoni lisiyeni ndithu. Mwana akanena kuti mafoni ake atayika, mayi ake adzaganiza za lamya ziwiri, osati za kachingwe ka mtengo wochepa.

Chimene ndikupemphani kuti muchiyang'anire m'makope a ana ndi mgwirizano wa mawu. Timati hedifoni yanga yaduka, mahedifoni anga aduka, monga timanenera foni yanga, mafoni anga. Koma tikachepetsa chinthucho ndi ka- kapena ti-, chiganizo chonse chimatsata: kahedifoni kanga kagwa, timahedifoni tanga tasowa. Kulemba kuti timahedifoni anga asowa ndi kulakwitsa, ngakhale kuti pakamwa pa ana zimamveka kawirikawiri.

Chiyankhulo chathu chili ndi chida china chimene Chingerezi chimachita kuchisakira mawu awiri osiyana. Tili ndi m' ndi pa. Tija timalowa mkati mwa khutu ndi tam'khutu, pamene aja aakulu okhala ndi uta wodutsa pamutu ndi apamakutu, ndipo munthu akapita kwa wogulitsa n'kunena kuti akufuna zam'khutu zopanda chingwe, palibe china choti afotokoze. Mneni nayenso amasintha. Apamakutu timavala, monga timavalira chipewa, koma tam'khutu timaika kapena kulowetsa, ndipo tikatha timachotsa kapena kuzula. Ndamvapo achinyamata akuti avala tam'khutu, ndipo sindingati n'kulakwa, popeza ndolo nazo timavala, koma m'zolemba zosamala ndimakonda kuika. Za dzina lakuti Bluetooth, njira yolumikizira zipangizo popanda chingwe, lilembeni momwemo osalisintha, chifukwa ndi dzina la munthu: adalitenga kwa Harald Bluetooth, mfumu ya ku Denmark ya m'zaka za m'ma 900.

Funso lachiwiri ndi la wophunzira wa sekondale ku Furancungo: "Bwanji timalemba khutu ndi h, koma makutu popanda h? Kodi sikulakwitsa kwa osindikiza?"

Sikulakwitsa. Mayina ambiri a gulu la li- ndi ma- amayamba ndi liwu la mpweya akakhala amodzi, ndipo mpweyawo umachoka ma- akabwera kutsogolo: khutu, makutu, phiri, mapiri, thumba, matumba, khasu, makasu. Ikani dzanja pafupi ndi pakamwa n'kutchula khutu kenako makutu, mudzamva mpweya ukugunda dzanja pa liwu loyamba lokha. Choncho lembani m'khutu ndi m'makutu, ndipo musaiwale kachizindikiro kapamwamba, kamene kakuimira u wa mu amene wamezedwa.

Funso lachitatu landigwira mtima kuposa ena onse. Mayi wina wa ku Tsangano, amene amatsogolera achinyamata kutchalitchi kwawo, walemba kuti: "Ndinawachenjeza ana kuti akamakweza kwambiri nyimbo m'makutu adzakhala osamva. Onse anaseka, ndipo mmodzi anati ndi osamva kale. Ndikanati bwanji? Ndiponso tizipangizoti ndi tomvera, tomvetsera kapena tomverera?"

Mayi, anawo sanakusekeni inu, anaseka mneni wakuti kumva, amene amasenza katundu wambiri. Timamva mawu, timamva ululu, timamva fungo, timamva njala, ndipo tikati wamva kodi, nthawi zina timafunsa ngati munthu wazindikira tanthauzo. Tsono mwana wosamva kwathu kuno si amene makutu ake adatseka, koma nkhutukumve, amene amakana malangizo, monga mwambi uja umanenera kuti wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Pofuna kunena za makutu enieniwo, nenani kuti makutu anu adzawonongeka, kapena kuti mudzagontha m'khutu, kapenanso kuti mudzayamba kuvutika kumva. Mneni wakuti kugontha ndi wabwino ndipo ndi wathu, koma dzina lakuti gonthi ambiri amaliona ngati lonyoza, choncho ponena za anthu ndi bwino kuti anthu amene ali ndi vuto la kumva.

Chenjezo lanu lili ndi maziko, ndipo ndikufuna kuti mubwerere nalo kwa anawo muli ndi mawu okwanira. Mu 2015 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti achinyamata pafupifupi 1.1 biliyoni ali pachiopsezo cha kuwonongeka makutu chifukwa cha kumvera nyimbo mokweza. Kukula kwa mawu amakuyeza ndi madesibelo, ndipo bungweli limati munthu wamkulu angamvere mawu ofika madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda ngozi, koma mawuwo akafika madesibelo 90, nthawi yake imatsika kufika maola anayi okha pa sabata. Mkati mwenimweni mwa khutu muli timaselo tangati ubweya timene timalandira mawu, ndipo tikafa sitimeranso. Chizindikiro chimene ana angachizindikire okha tili nacho kale m'chiyankhulo: m'khutu mukulira. Mwana akazula timahedifoni n'kumamva kulira kopyapyala ngati kwa nyenje pamene kunja kuli zii, khutu lake latopa.

Pa mawu oti muwagwiritse ntchito, timati kukweza ndi kutsitsa voliyumu, kapena kukweza ndi kutsitsa mawu, ndipo zonse ziwiri n'zolondola. Musati kutsitsa phokoso pamene mukunena za nyimbo imene mwana akuikonda, chifukwa phokoso ndi mawu osafunika, ndipo kwa iye phokoso ndi injini ya chigayo, osati nyimboyo. Komatu mawu awiriwa amakumana penapake. Ambiri amakweza voliyumu pofuna kugonjetsa phokoso la pamsewu. Timahedifoni tambiri tam'khutu timabwera ndi timphira tamisinkhu itatu, ndipo amene wasankha kamphira kokwana bwino m'khutu mwake amatsekereza phokoso la kunja, motero safunikira kukweza kwambiri. Timphirato n'tofunika kupukuta, ndipo si toti anthu azibwerekana chisawawa.

Tsopano za tomvera, tomvetsera ndi tomverera. Kumva ndi kulandira mawu, kaya ukufuna kaya sukufuna. Kumvera ndi kutchera khutu mwadala, monga kumvera wailesi, komanso kutsata lamulo, monga kumvera makolo. Kumvetsera ndi kutchera khutu mwachidwi kuti usaphonye kanthu. Tikafuna kutchula chipangizo, timaonjeza -er- kapena -ir- pa mneni: kulemba kumabala cholembera, kuphika kumabala chophikira. Ndiye kumva kumabala chomvera, ndipo kumvera kumabala chomverera. Mwa malamulo, tizipangizo timene timamverera nyimbo ndi tomverera nyimbo. Ambiri amafupikitsa n'kumati tomvera nyimbo, ndipo aliyense amamva, koma ine polemba ndimasunga -er- wachiwiriyo, kuti tisiyanitse ndi tizipangizo ta kuchipatala tothandiza kumva, timene ntchito yake ndi ina.

Funso lomaliza ndi la mnyamata wogulitsa zipangizo za foni pa Zóbuè, pamene pamadutsa anthu a mbali zonse ziwiri za malire: "Ndikufuna kulemba chikwangwani. Mnzanga akuti ndilembe chaja, wina akuti tchaja, wina akuti carregador basi. Wolondola ndani?"

Achimwene, anzanu awiri oyambawo akulondola onse, aliyense kwawo. Ku Malawi, kumene Chichewa chidakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968 ndipo bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, liwu lopanda mpweya amalilemba ch, monga mu chingwe, ndipo la mpweya amalilemba tch, monga mu ntchito. Kuno ku Mozambique kalembedwe ka ziyankhulo zathu kadakambidwa pa msonkhano wa ku Maputo mu 1988, wokonzedwa ndi akatswiri a ku Universidade Eduardo Mondlane, ndipo liwu lopanda mpweya lidapatsidwa c yekha. Ndi chifukwa chake mabuku a kusukulu amalemba Cinyanja ndi cingwe, ndipo ch amamusungira liwu la mpweya. Tete ndi chimodzi mwa zigawo ziwiri, pamodzi ndi Gaza, mmene kuphunzitsa ana m'ziyankhulo ziwiri kudayesedwa koyamba kuyambira mu 1993 mpaka 1997, choncho alipo makasitomala anu amene adazolowera c kuyambira ali ana. Mawu amene mukufunsawa timawatchula ndi mpweya, ndiye m'kalembedwe ka ku Malawi ndi tchaja, m'ka kuno ndi chaja. Chimene simuyenera kuchita ndi kusakaniza pa chikwangwani chimodzi, kulemba cingwe pamwamba ndi tchaja pansi.

Ndinaimapo tsiku lina pa benchi la wogulitsa wina pamsika wa Ulongwe, ndipo mtsikana amene amagula anati: "Achimwene, ndiyeseko kaye, aja ndinagula kwina ankalira mbali imodzi." Wogulitsayo anatenga foni ya mtsikanayo, n'kuitembenuza kuti aone kunsi, ndipo anati: "Yanuyi ilibe kabowo kozungulira, mufunika a Type-C kapena opanda chingwe." M'ziganizo ziwirizi muli zonse zimene chikwangwani chanu chiyenera kunena. Type-C ndi mtundu wa kabowo kotchajira foni, ndipo kabowo kozungulira ndi kaja ka mamilimita 3.5, kamene mafoni ena atsopano alibe kuyambira pamene Apple idakachotsa pa iPhone 7 mu 2016 ndipo makampani ena adatsatira. Onaninso kuti mtsikanayo anati ankalira, chifukwa kwathu wailesi imalira, sipika imalira, belu limalira, ndipo mawu ndiwo amamveka.

Mawu akuti power bank ndi Type-C asiyeni mmene alili, popeza sanakhazikike kalembedwe kena ndipo ndi mmene amalembedwera pa makatoni. Batire lembani ndi r, chifukwa kawirikawiri r amatsata i kapena e, pamene l amakhala m'malo ena. M'malo mwa orijino, amene aliyense amalemba ngakhale pa katundu wosalimba, lembani chimene mungachitsimikize pamaso pa wogula. Popeza ambiri odutsa pa Zóbuè adaphunzira kuwerenga chiyankhulochi m'mabuku a ku Malawi, ine ndikanalemba motere: Tikugulitsa matchaja, mabatire, power bank ndi mahedifoni am'khutu, a chingwe ndi opanda chingwe. Yesani musanalipire. Pansi pake muikepo carregadores e auriculares, pothandiza oyendetsa malole ochokera ku Beira.